Ma paddle pa galimoto ya otomatiki: kuchedwa kwa giya patatha miyezi ndikuyenda pakati pa Dedza ndi Ntcheu

Nditangoigula galimoto iyi ndinanena kuti ndakhutira nayo pa zonse kupatula chinthu chimodzi: ukakoka paddle (kachogwirira kosinthira giya kuseri kwa chiwongolero), giya siilowa pomwepo, umayamba wadikira kaye. Ena munandiuza kuti ndizolowera, ena kuti andigulitsa giyabokosi yotha. Pano chaka chatsala pang'ono kukwana, yadutsa m'dzinja, yaonanso chisanu cha Juni. Kuchedwako kulipo ndithu ndipo sikudzatha, koma giyabokosi ndi yabwinobwino. Chimene chasintha ndi ntchito imene ndimawapatsa ma paddle amenewa.

Kwa amene simunaione, ndi galimoto ya ku Japan yogwiritsidwapo kale ntchito, yobwera kudzera ku Dar es Salaam ndi pa Songwe. Injini yake ndi ya petulo ya malita 2.0 yopanda turbo, giyabokosi ndi ya magiya 6, ija yokhala ndi torque converter (chipangizo chodzaza oyilo cholumikiza injini ndi giyabokosi). Kuseri kwa chiwongolero kuli tizogwirira tiwiri, kakumanja kokwezera giya, kakumanzere kotsitsira. Maulendo anga ambiri ndi a pa M1, kuchoka pa boma la Dedza kudutsa Bembeke, Lizulu, Tsangano Turn-off mpaka Ntcheu, ndipo mwa apo ndi apo ndimatsikira ku Golomoti.

Mmene ndikumvera ine, kuchokera pokoka mpaka giya kugwira pamapita pafupifupi theka la sekondi, nthawi zina kuposerapo. Kuchedwaku sikufanana nthawi zonse. Ndikaponda mafuta kwambiri n'kukweza giya, imalowa msanga ndi kakugwedeza pang'ono. Ndikamayenda mwaulesi phazi lili pamwamba, imalowa mochita kunyinyirika. Imene imachedwa kwambiri ndi yotsitsa magiya awiri, mwachitsanzo kuchoka pa 6 kufika pa 4. Nambala ya pa dashibodi imasintha nthawi yomweyo, ndiye diso limakuuza kuti zatheka pamene msana sunamve kanthu. Ndikuganiza kuti madandaulo ambiri amachokera pamenepa.

Paddle siikhudzana ndi magiya ngakhale pang'ono. Ndi switchi chabe, ngati ya wailesi. Ukaikoka, uthenga umapita ku kompyuta ya giyabokosi, ndipo kompyutayo imayamba yaona liwiro, kuzungulira kwa injini, mmene wapondera mafuta ndi kutentha kwa oyilo. Ikavomera imatsegula solenoid (kavavu koyendera magetsi), oyilo amadutsa mu valve body (chitsulo cha timabowo tolondolera oyilo) n'kukadzaza kuseri kwa pisitoni ya klachi yatsopano, klachi yakale ikumasula pang'onopang'ono kuti galimoto isadumphe. Pa nthawi yomweyo injini amaichepetsa mphamvu kwa kamphindi pokweza giya, ndipo potsitsa iyenera kukwera mpaka ifanane ndi liwiro la giya yotsikayo. Zonsezi zimadya nthawi, makamaka kudzaza oyilo kuja. Zili ngati nkhani yopita kwa Inkosi: sulankhula nawo mwachindunji, umauza nduna, ndunayo ikapereke, ndipo yankho likhoza kubwera lakuti ayi. Yanga ikakana imalira kawiri n'kusiya giya pomwe inali, chifukwa kutsitsako kukanapititsa injini kupyola mzere wofiira wa pa geji ya kuzungulira kwa injini.

Opanga galimoto zapabanja amachita kufuna kuti zikhale choncho. Ogula ambiri amadana ndi giya yomenya, ndiye amasankha kufewa m'malo mwa changu. Ma paddle anayambira ku mpikisano wa Formula One mu 1989 pa Ferrari 640, imene Nigel Mansell anapambana nayo ku Brazil pa mpikisano woyamba wa galimotoyo, ndipo anafika pa galimoto za pamsewu ndi Ferrari F355 mu 1997. Kumeneko giya kumenya si nkhani. Ife tinangotengera tizogwirirato, mkati muli zina.

Popitirira malole ndi pomwe ndinasiyiratu kudalira ma paddle. Pakati pa Dedza ndi Ntcheu msewu umayenda m'mphepete mwa malire a Mozambique, uli ndi zitunda ndi makona, ndipo malo owongoka ndi aafupi. Ukakhala kumbuyo kwa thanka ya mafuta kapena lole yodzaza matumba a kachewere, mpata ukapezeka sukhalitsa. Pa liwiro la makilomita 80 pa ola galimoto imayenda mamita 22 pa sekondi. Ngati yobwera kutsogolo ikuthamanga chimodzimodzi, mtunda wa pakati panu ukuchepa ndi mamita 44 pa sekondi iliyonse. Kukoka paddle kawiri uli kale kumanja kwa msewu ndi kutaya mamita amenewo ukudikira. Ndinayerekeza ndi kungoponda mafuta mpaka pansi giya ili pa D, ndipo kickdown, kutsika kwa giya kobwera ukaponda chonchi, imachita bwino kuposa zala zanga, chifukwa kompyuta imalumpha yokha kupita pa giya imene ikufunika osadikira kuti ndikoke kachiwiri.

Ubwino wa paddle umaoneka ukaikoka nthawi isanakwane. Ndikadali kumbuyo kwa lole, ndikaona kuti kona ikutha, ndimatsitsa kufika pa 4 kapena 3 n'kudikira injini ili kale pamwamba. Mpata ukatseguka ndimangoponda, palibenso chosintha. Apa kuchedwa kuja kumathera pamalo posavulaza. Koma samalani ndi chinthu chimodzi: giya ikakhala pa D, paddle imangogwira kwa kanthawi, ukayenda pang'ono osaikhudza kompyuta imabwerera ku maganizo ake n'kukweza giya. Lole ikachedwa kupereka mpata umapezeka wabwerera pa 6 osadziwa. Choncho ndimayamba ndakankhira ndodo ya giya ku M, kumene giya imakhala pomwe waisiya.

Msewu wa Masasa kutsikira ku Golomoti, uja tonse timautcha Khwekhwelele, ndi umene wandichititsa kuti ndisadandaule ndi ndalama yanga. Umatsika pafupifupi mamita 1,000 kuchoka pamwamba kufika kuchigwa, makona ake ndi opinda ngati chigongono, ndipo amene mumaudziwa mukudziwanso fungo la mabuleki opsa limene limakulandirani kumunsi. Pa D galimoto ya otomatiki imakonda kukwera magiya potsetsereka, ndiye katundu yense amagwera mabuleki. Akatentha kwambiri amayamba kuterera, ndipo brake fluid yakale yomwa chinyezi imatha kuwira, phazi n'kungolowa pansi. Pa M ndimaika 3, pa makona othina 2, injini n'kumagwira galimoto yokha, buleki ndikungoigusa mwa apo ndi apo. Imalira mokweza, ndipo amayi akunyumba tsiku loyamba anafunsa ngati sindikuipha, koma kulira kumeneko sikuononga kanthu bola singano isafike pofiira. Injini za masiku ano zimadulanso petulo ukachotsa phazi giya ili mkati, ndiye kutsika kotere sikudya mafuta.

Ngakhale pamenepa lamulo ndi lomwe lija, kutsitsa kona isanafike. Ukalowa mothamanga n'kukoka paddle uli pakati pa kona, mwina ikana chifukwa liwiro lachuluka, mwina ilowa mochedwa n'kukugwedeza pamene matayala akufunika bata. Ndimaponda buleki kaye powongoka, ndikoke, ndimve kuti yagwira, kenako ndikhote.

M'miyezi ya Juni ndi Julayi ndinaona khalidwe lina. Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 ndipo m'mawa kumazizira zenizeni. Oyilo wa giyabokosi akazizira amalimba, amayenda mochedwa m'timabowo ta valve body, ndipo kompyuta imadziwa zimenezo. Makilomita oyamba giya imachedwa kuposa masiku onse, ya 6 imakana kumene, mpaka oyilo atafunda. Pofika ku Bembeke zimakhala zatha. Kuitenthetsa itaima pakhomo sikuthandiza kwenikweni chifukwa giyabokosi imafunda msanga ikamayenda, ndiye ndimangonyamuka mofatsa.

Kukwera kwa malo kumasokonezanso kamvedwe. Injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi 3 peresenti pa mamita 300 aliwonse okwera, chifukwa mpweya umapepuka. Ku Dedza ndiye kuti mphamvu yochepa ndi 15 peresenti kapena kuposerapo poyerekeza ndi kugombe la nyanja yamchere. Giya imatha kulowa pa nthawi yake koma galimoto osanyamuka mwamphamvu, iwe n'kumaloza chala giyabokosi. Ndikatsikira ku Golomoti n'kulowa msewu wa M5, galimoto yomweyi imamveka yopepuka ngakhale kuti nthawi ya giya kulowa sinasinthe.

Chimene chinachepetsako kuchedwa ndi oyilo. Galimoto zochokera kunja zimabwera ndi mbiri imene sitiidziwa, ndipo oyilo wa giyabokosi yanga atamutulutsa anali woderako, kufiira kutatha. Amakaniko anga pa boma pano, bambo achikulire osakonda zolankhula zambiri, anangoti, "Achimwene, uyu watopa, koma tisamuthamangitse ndi makina, tingokhetsa n'kuthira wina." Kukhetsa kotere sikutulutsa oyilo yense, wambiri amatsalira mu torque converter, ndiye tinabwerezanso nditayendako. Giya inayamba kulowa mosalala, kudikira kwa m'mawa kunachepa, koma theka la sekondi lija silinachoke. Chonde thirani oyilo wa nambala yolembedwa m'buku la galimoto yanu. Wa CVT (mtundu wina wa giyabokosi yosintha yokha) ndi wina, wa otomatiki wamba ndi wina, ndipo zigubu zopanda chizindikiro zogulitsa m'mbali mwa msewu zisiyeni.

Amene muli ndi CVT, monga zilili galimoto zing'onozing'ono zambiri za ku Japan, dziwani kuti mulibe magiya enieni. Muli lamba wachitsulo ndi mapule awiri, ndipo manambala 1 mpaka 7 amene paddle imakuonetsani ndi malo amene kompyuta yauzidwa kuimikapo lambayo. Potsika phiri zimathandizabe. Za maklachi awiri, monga DSG imene Volkswagen inatulutsa mu 2003, ndizo zachangu chifukwa giya yotsatira imakhala italowa kale ikungodikira klachi. Nazonso zimazengereza ukapempha giya imene kompyuta sinayembekezere, monga kutsitsa pamene iyo inakonzekera kukweza.

Tizogwirira tenitenito sitinavute, fumbi la chilimwe silinatilowe, ndipo kakumanzere kamene ndimagwiritsa ntchito kwambiri kakadali kolimba. Kakumanja ndimangokakhudza pobwezera giya ndikamaliza kutsika.

Kuchedwa kwachibadwa kumasiyana ndi kwa matenda, ndipo amene mukufuna kugula yotere muyese izi musanapereke ndalama. Galimoto itafunda, ikani pa D kuchokera pa P phazi lili pa buleki: igwire pasanathe sekondi imodzi kapena ziwiri, popanda kugunda. Pa msewu kokani paddle yokweza mukuyang'ana singano ya injini. Iyenera kutsika giya ikamalowa. Ikayamba yakwera kaye ngati mwaponda klachi, kenako n'kugwira ndi chigugu, ndiye kuti maklachi akuterera kapena oyilo alibe mphamvu yokankha, ndipo kumeneko ndi ku ndalama zambiri. Nunkhizaninso oyilo ngati ili ndi kandodo koyezera. Akamanunkha zopserera, isiyeni pomwepo ngakhale wogulitsa atsitse mtengo.