Backup ya NAS patatha miyezi 14: zofufutidwa zinabwerera zonse, chofunikacho chinasowa

Diski ya seva ya muofesi inafa Lachinayi m'mawa, ndipo sabata yotsatira wogulitsa anatumiza invoisi ya ntchito yobwezeretsa. Ziwirizi ndi zimene zandibwezera pa ndemanga imene ndinalemba zidazi zitangofika. Kwa amene simunaione, zidazo ndi izi: NAS (kabokosi kosungira mafayilo pa netiweki) ya madiski awiri a 4TB pa RAID 1 (diski ina ndi kope la inzake), UPS (batire yothandiza magetsi akathima) imodzi, seva ya Windows yokhala ndi pulogalamu yowerengera ndalama pa gawo la diski la C: ndi foda ya onse pa gawo la D:, komanso malo a pa cloud (osungira pa intaneti) olipira mwezi ndi mwezi. Kampani imene inatigulitsa ndi imenenso inatchera zonse. Nthawi imeneyo ndinayamikira kwambiri, koma ndinali ndisanabwezeretsepo seva yonse ngakhale kamodzi.

NAS yokhayo ilibe mlandu. Madiski ake akadali bwino, UPS imaizimitsa mwaulemu magetsi akathima, ndipo imelo ya chenjezo imafika. Chithunzi cha C: (kope lathunthu la gawo lonselo, ndi Windows yomwe), cha 180GB, chinabwerera pa diski yatsopano pa ola limodzi ndi mphindi zochepa kudzera pa chingwe cha gigabit, Windows n'kudzuka ulendo woyamba womwewo. Pofika masana ndinali nditayamba kuganiza kuti ndalama ija inapita pabwino.

Vuto linatulukira pa D:. Foda ya onse inali 260GB diski isanafe. Itabwezeretsedwa inali 410GB.

Chifukwa chake chili pa chilembo chimodzi. Wogulitsa sanaike D: m'chithunzi cha seva, koma analemba kalamulo ka robocopy (pulogalamu ya Windows yokopera mafayilo) kokhala ndi /E, kothamanga usiku uliwonse. /E imakopera mafoda onse kupita ku NAS, koma sifufuta kalikonse kumeneko. Fayilo imene mwafufuta pa seva imatsala ku NAS mpaka kalekale. Fayilo imene mwaisintha dzina imakhalako kawiri, dzina lakale ndi latsopano. Foda imene mwaisamutsa imaonekanso pamalo ake akale. Zinyalala za miyezi 14 zinali zitaunjikana kumeneko, ndipo pobwezeretsa zonse zinabwerera limodzi ndi zabwino, popanda chizindikiro chosiyanitsa. Makoteshoni akale anakhala pambali pa atsopano. Ndandanda ya mitengo inapezeka katatu, ndipo Lachisanu wina anatumizira kasitomala yakale. Choipa koposa, munabwereranso foda ya makope a ziphaso za unzika ndi mapepala a malipiro a anthu amene anasiya ntchito, imene inafufutidwa dala miyezi isanu ndi umodzi m'mbuyomo, ndipo inabwerera pamalo amene aliyense muofesi atha kuitsegula. Dziko lino lili ndi Data Protection Act ya 2024, imene MACRA ikuyang'anira, choncho makope a ziphaso za anthu ongopezeka paliponse si nkhani yoseketsa.

Mwina mukuganiza kuti backup yosataya kanthu ndi yabwino ndithu, bola kusesa pambuyo. Ayi. Kalamulo komweko kamalemba pamwamba pa fayilo iliyonse imene yasintha, ndiye ku NAS kumakhala kope limodzi lokha, la usiku wathawu. Fayilo ya Excel ya ngongole za makasitomala inasungidwa molakwika mu Januwale, mizere yambiri itachotsedwa, ndipo usiku womwewo kope labwino linaphimbidwa ndi loipalo. Palibe anazindikira mpaka sabata ya ngoziyi. Tinafunafuna ku NAS, tinafunafuna ku cloud, koma cloud inkangotengera zimene zili pa NAS. Ndondomekoyi inkasunga mpaka muyaya zimene tinataya dala, koma zimene tinaononga mwangozi inkazisunga kwa maola osakwana 24.

Wogulitsa atamva izi anati asinthe /E ikhale /MIR. Musalole. /MIR ndi /E yophatikiza ndi /PURGE, kutanthauza kuti chimene chafufutidwa pa seva chimafufutidwanso ku NAS usiku womwewo. Ndipo tsiku limene D: ili yopanda kanthu, monga mmene inalili titangoika diski yatsopano, /MIR ikanasesa foda yonse ya ku NAS kuti ifanane ndi diski yopanda kanthuyo. 

Chithunzi cha C: nacho chinali ndi kake. Pa pepala la mgwirizano panalembedwa 14, ife n'kumawerenga masiku 14. Pulogalamu ya backup inkawerenga makope 14, ndipo inkathamanga kawiri pa tsiku, masana ndi usiku, ndiye anali masiku 7 basi. Komanso Lachiwiri ndi Lachitatu ntchitoyo inalephera chifukwa diski inali itayamba kale kudwala, choncho chithunzi chabwino chomaliza chinali cha Lolemba usiku. Seva inabwerera monga inalili Lolemba. Akaunti ya munthu amene anachotsedwa Lachiwiri inadzukanso ndi pasiwedi yake yakale, ndipo ma update a Windows a Lachitatu anachoka. Izi si kulakwa kwa pulogalamu, chithunzi chimabweza tsiku lonse monga linalili, zabwino ndi zoipa zomwe. Kulakwa n'kwakuti wobwezeretsa analumikiza seva ku netiweki asanaone chilichonse.

Dongosolo loyenera ndi ili. Bwezeretsani chithunzi seva ili yosalumikizidwa ku intaneti kapena ku makompyuta ena. Windows ikadzuka, pitani mu Task Scheduler, mmene mumakhala ntchito zothamanga zokha, muimitse ntchito zonse za backup ndi za sync (zofananitsa mafoda), ndipo ku NAS muimitsenso kufufuta makope akale, kuti kope limene mungalifunenso mawa lisachotsedwe usiku uno. Kenako tsegulani kaundula wa zofufutidwa, mufufutenso chilichonse chimene chinachotsedwa kuchokera pa tsiku la chithunzicho: ma akaunti, mafoda, mapasiwedi osinthidwa. Kaundulayu ndi tebulo wamba la deti, dzina la foda kapena akaunti, ndi amene analamula, koma asamakhale pa seva yomweyo, chifukwa naye adzabwerera m'mbuyo. Wathu tsopano ali m'buku la pepala ndi pa flash. Mukamaliza izi m'pamene mulumikize chingwe.

Ku D: tinachotsa robocopy n'kuika restic, pulogalamu yaulere imene imasunga mmene foda inalili pa tsiku lililonse, ndiye mukabweza tsiku la 10 mumapeza zimene zinalipo pa 10 zokhazokha. Malamulo osungira tinaika --keep-daily 14, --keep-weekly 8, --keep-monthly 12 ndi --keep-yearly 2, kutanthauza makope a masiku 14, masabata 8, miyezi 12 ndi zaka 2. Ubwino wake, imawerenga masiku amene backup inachitikadi, kotero seva ikakhala yozima sabata yonse makope akale sakokoloka. Dziwani kuti lamulo la restic la forget limangochotsa kope lakale pamndandanda, malo amamasuka mukathamangitsa lamulo la prune. Mukamabweza pamwamba pa foda imene muli kale zinthu, onjezani --delete pa lamulo lobwezeretsa la restore (--delete inabwera mu restic 0.17 chaka cha 2024), apo ayi zakale ndi zobwezedwa zisakanikirananso. Fayilo imene iyenera kuchoka ngakhale m'makope akale, monga ziphaso zija, imachotsedwa ndi lamulo la rewrite lokhala ndi --exclude ndi --forget, kenako prune.

Pali dzenje limodzi limene ndondomeko yamtundu uwu sitseka, ndipo palibe wogulitsa amene amalitchula. Kope la mwezi ndi lomaliza la mweziwo. Fayilo yopangidwa pa 3 Malichi n'kufufutidwa pa 20 Malichi mulibe m'kope la kumapeto kwa Febuluwale, mulibenso m'la pa 31 Malichi. Imangopezeka m'makope a tsiku ndi a sabata, ndipo masabata 8 akatha yapita, ngakhale pa pepala mukusunga miyezi 12. Ngati muli ndi mafoda a ntchito zazifupi, monga mapepala opikisanira ntchito za boma (ma tender) okonzedwa n'kutumizidwa m'masabata awiri, onjezani makope a sabata a mafoda amenewo, kapena musamafufute, muzisamutsira ku foda ya zakale. Musadalirenso bini ya pa cloud: Google Drive imasunga zotayidwa masiku 30, SharePoint masiku 93, kenako zimachoka zokha.

Tsopano za ndalama, pamene mtima wanga umasinthira. Bilu ya cloud imawerengedwa pa GB, ndiye 150GB ya zinyalala ija inali kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a bilu ya mwezi uliwonse. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chowerengedwa m'madola chimaluma, ndipo wogulitsa amaikaponso kake asanatipatse invoisi ya makwacha. Titasesa zinyalalazo bilu sinatsike mwezi womwewo, chifukwa malo amene anatiikira amalipiritsa masiku 90 pa fayilo iliyonse ngakhale mutaifufuta msanga. Zimenezi n'zofala pa malo otchipa osungirako zakale, mwachitsanzo S3 Glacier Deep Archive ya Amazon imawerenga masiku 180, koma ndi zofunika kuuzidwa musanasaine. Werengeraninso nthawi: ngakhale 260GB yokha pa intaneti ya 10Mbps ndi maola pafupifupi 58 osadukiza, ndiye NAS ikanafa limodzi ndi seva ofesi ikanaima mpaka Lolemba.

Invoisi yobwezeretsa inali pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wa NAS yonse. Iwo akuti mgwirizano unali wotchera ndi kuyang'anira backup, kubwezeretsa ndi ntchito ina. Titawerenganso, mawu akuti kubwezeretsa mulibedi, apa anatipeza. Koma masiku awiri mwa atatu amene analipiritsa anali osesa mafayilo amene kalamulo kawo komwe kanaunjika, ndipo akaunti ya cloud ndi pasiwedi yotsegulira makope zinali m'dzina la kampani yawo, osati lathu. Katswiri amene anabwera anagwira ntchito mpaka usiku wosadandaula, ndipo iye ndilibe naye chifukwa. Bwana wake ndi amene ankangoyankha kuti backup inagwira ntchito, seva si iyo yadzuka.

NAS yotere ndingaigulenso mawa. Mgwirizano wotere sindingausainenso pokhapokha mutalembedwa masiku osungira ngati masiku osati makope, chimene chimachitika ndi fayilo yofufutidwa ndi fayilo yosinthidwa, mtengo wobwezeretsa seva yonse, ndi kuyesa kubwezeretsa kawiri pa chaka pa diski yapadera ife tikuona. Pa invoisi ija tagwirizana kulipira tsiku limodzi lokha, ndipo ndalamayo ituluka akaunti ya cloud ikasamutsidwira m'dzina lathu. Papita masabata atatu, pasiwedi anatipatsa, akaunti ikadali kwa iwo.