Amisiri oyendera gasi m'nyumba za lendi ku Mzuzu: ntchito yawo ikukwanira?

Ku Luwinga, Katoto ndi Chibavi, nyumba za lendi zokhala ndi sitovu ya gasi zikuchuluka, poti magetsi amazimazima ndipo makala akwera mtengo. Landilodi akafuna, amaitana mmisiri wa gasi kuti adzayendere khitchini tenanti asanalowe. Ntchitoyi ndi yoyenera kuilipira, koma nthawi zambiri imathera panjira.

Chomwe amisiriwa amachita bwino ndi kusaka pamene gasi akutuluka. Amapaka madzi a sopo pa valavu ya silinda, pa regulator (kachipangizo ka pa silinda kochepetsa mphamvu ya gasi) ndi kumapeto onse awiri a payipi. Pamene pali mpata, thovu limafufuma. Kawirikawiri vuto limakhala kamphira ka pakamwa pa regulator, kamene kamauma n'kung'aluka. Payipi amaipinda kuti aone ngati yayamba ming'alu. Iyenera kukhala yopangidwira gasi, ya mamilimita 8, yosapitirira mamita 2, yomangidwa ndi makilipi achitsulo, osati waya kapena mphira za chubu cha njinga. Regulator ya sitovu ya m'nyumba imatulutsa gasi pa 28 mbar (mbar ndi muyeso wa mphamvu ya gasi). Mukaikapo ya mphamvu kwambiri, lawi limalumpha n'kumalira, nthawi zina n'kuzima gasi akutulukabe.

Pomwe ntchitoyi imafooka ndi pa nkhani ya mpweya. Gasi wa m'silinda ndi wolemera kuposa mpweya, choncho akatuluka sakwera kudenga, amaunjikana pansi, ndipo akangokwana pafupifupi 2 peresenti ya mpweya wa m'chipinda, kamoto kakang'ono kochokera pa switchi ya getsi kakhoza kumuyatsa. Tsono zenera la m'mwamba lokha silithandiza. Pamafunika kabowo kolowera mphepo pafupi ndi pansi, ndipo silinda iime chilili, kutali ndi mbaula komanso dzenje lotayira madzi. Mzuzu mu Juni ndi Julayi aliyense amatseka mazenera chifukwa cha chisanu. Sitovu ikamayaka lawi lachikasu n'kumadetsa mapoto ndi mwaye, imakhala ikutulutsa carbon monoxide, mpweya wakupha wopanda fungo. Mmisiri amene sanayatse mbali zonse za sitovu n'kuona lawi la buluu sanamalize ntchito, ngakhale thovu lisanafufume pena paliponse.

Chachiwiri ndi chikalata. Ku UK, malamulo a 1998 amakakamiza landilodi kuitana mmisiri woyendera gasi chaka chilichonse, ndipo tenanti amalandira chikalata pasanathe masiku 28. Kuno mmisiri amangoti "zili bwino, bwana" n'kukwera njinga yake. Musamulole apite asanalembe deti, zomwe wayesa, zomwe wasintha ndi chaka cholembedwa pa payipi, ndipo tenanti asunge kope lake. Mufunseninso ngati shopu yomwe akudzazako masilinda ili ndi chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za mafuta, gasi ndi magetsi. Silinda imadzazidwa kufika 80 peresenti basi, kuti gasi apeze malo akafufuma ndi kutentha. Poyeza pa sikelo, kulemera kwa silinda yopanda kanthu, komwe kumalembedwa pa chitsulo chake, kuphatikiza makilogalamu omwe mwagula ndiko kuyenera kuoneka.