Sikopu yotchipa ya 3-9x40: magalasi abwino, ziro yoyendayenda

Mnzanga wina wandifunsa ngati angagule sikopu (galasi loonera patali polozetsa mfuti) yofanana ndi imene ndinamanga pamfuti yanga yaikulu ya .308 nyengo yosaka isanayambe. Akanafunsa m'miyezi yoyambirira ndikanamuuza kuti athamange akagule. Lero yankho langa lili ndi "koma" wamkulu.

Pa zabwino zake sindichulutsa gaga m'diwa. Magalasi ake amaonetsa bwino kuposa mtengo wake. Ndavumbwa nayo mvula koma nthunzi sinalowe mkati, ndiye zoti anaidzaza mpweya wa nayitrojeni n'kuitseka bwino si bodza. Diso limakhala pafupifupi masentimita 9 kuchokera pagalasi, choncho mfuti ikakankha sikopu sindigunda pankhope. Dzina loti 3-9x40 likutanthauza kuti imakulitsa chithunzi kuyambira ka 3 mpaka ka 9, ndipo galasi lakutsogolo ndi lotambalala mamilimita 40. Kukayamba kuda ndimaitsitsa pa 6. Mukagawa 40 ndi 6 mupeza kuti kuwala kofika m'diso n'kotambalala pafupifupi mamilimita 7, pomwe pa 9 kumangotsala 4.4 ndipo chithunzi chimazilala. Masamu amenewa sasankha yodula kapena yotchipa.

Vuto lake ndi ziro, kutanthauza kukonzedwa kwa sikopu kuti chipolopolo chizigwa pomwe mtanda wa m'galasi waloza. Ndinaikonza bwinobwino pamtunda wa mamita 100, zipolopolo zikugwa pamodzi pakati pa chandamale. Nditayenda nayo pagalimoto mumsewu wa mabampu n'kuyesanso, zonse zinagwa m'mwamba chakumanzere, kutalika kwake ngati chikhatho. Zinagwabe pamodzi, kusonyeza kuti dzanja langa silinanjenjemere, koma pamalo olakwika. Ndinakonzanso. Patapita masabata angapo inasunthanso, ulendo uno chakumunsi.

Chimene chinandiputa mkwiyo kwambiri ndi tozungulitsa take tosunthira mtanda. Analemba kuti kulira kumodzi pozungulitsa ndi 1/4 MOA (muyeso wa kasunthidwe ka mtanda), kutanthauza mamilimita pafupifupi 7 pa mamita 100. Ine ndimazungulitsa kanayi, kuwombera, chipolopolo n'kugwa pomwe chinagwa choyamba. Kuwomberanso, chadumpha kupitirira pomwe ndimafuna. Mkati mwa sikopu muli kachubu kakang'ono konyamula magalasi. Tozungulitsa tija timakakankha kuchokera pamwamba ndi pambali, ndipo kasipuling'i kamakabweza kuti kazitsamira pa ito nthawi zonse. Kasipuling'i kakakhala kofooka, kapena kachubu kakamagwira penapake, mtanda susuntha mpaka mfuti itaugwedeza. N'chifukwa chake alenje ena amagogoda sikopu ndi chala akamaliza kuzungulitsa. Inenso ndinayamba khalidwe limeneli, koma sikopu yabwino siyenera kunyengereredwa chonchi.

Ndisanainene, ndinafufuza kaye kwina konse. Masikuluwu a mphete zogwira sikopu ndinawamanga ndi sipanala yoyezera pa mainchi-paundi 18, monga opanga mphete ambiri amanenera, chifukwa kumanga mopyola kumafinya chubu n'kubweretsa vuto lomweli. Chitsulo chapansi sichinkagwedera. Ndinabwereka sikopu yakale ya 4x yosasintha (yokulitsa kanayi basi), n'kuimanga pamfuti yomweyo ndi zipolopolo zomwezo: phee, osasuntha. Kenako ndinaiyesa yangayo mozungulira bokosi, kulira 20 m'mwamba, 20 kumanja, 20 pansi, 20 kumanzere. Inayenera kubwerera pomwe inayambira. Inaphonya ndi zala zitatu.

Papepala zala zitatu ndi nkhani yoseka. Kutchire ndi nyama yovulazidwa imene ikukafera patali isakupezeka, ndipo mlenje woganiza bwino sagona nazo tulo zimenezi. Kuyambira pamenepo sindinkapita kokasaka ndisanawombe kaye papepala, ndipo apa m'pamene kutchipa kuja kunayamba kundidya m'thumba. Zipolopolo za .308 zosakira sizotola pansi.

Wogulitsa anandilandira ndi nkhope ina, osati ija ya tsiku logula. "Bwana, ndi mphete zanuzo," anatero asanaigwire n'komwe. Nditamuonetsa mapepala a chandamale anasintha nyimbo: akuti mfuti yanga ndi yamphamvu, sikopu zoterezi zimayenera mfuti zazing'ono za .22. Chonsecho pabokosi lake palembedwa kuti imapirira mfuti zazikulu, ndipo iye mwini ndi amene anandisankhira nditamuuza mtundu wa mfuti. Lisiti ndinali nalo, mwamwayi. Mapeto ake anavomera kuitumiza kwa opanga, koma ndalama yotumizira ndinalipira ndekha, ndipo mbali ina ya nyengo yosaka inandidutsa ndikudikira. Mafoni ambiri ndinkaimba ndine.

Anatumiza yatsopano, ndipo apa mtima unatsikako. Iyi ikusunga ziro mpaka pano, ngakhale pambuyo pa ulendo wa mabampu. Tozungulitsa take ndi tofewabe, kulira kwake kosamveka bwino, moti ndikaika pamalo ndimavundikira tizivundikiro n'kusakhudzanso. Tsiku limene yagwira ntchito ndimaiyamikira. Ndikakumbukira yoyamba ija, chikhulupiriro chimathawanso, chifukwa zonse ziwiri zinachokera pafakitale imodzi ndipo kunja sizisiyana.

Ndikawonkhetsa mtengo wogulira, zipolopolo zothera papepala ndi ndalama yotumizira, ndafika pafupi kwambiri ndi mtengo wa sikopu imene ndinaikana poyamba kuti ndi yodula. Makampani ngati Vortex ndi Leupold amalonjeza kukonza kapena kusintha sikopu zawo kwa moyo wonse, ndipo lonjezo lotere ndi mbali ya chimene munthu amalipira. Pamfuti ya .22, kapena kwa munthu woika ziro kamodzi n'kuisiya, sikopu ngati yangayi ikhoza kukwanira. Pamfuti yokankha kwambiri ndingasankhe ya 4x kapena 6x yosasintha ya kampani yodziwika, ngakhale yogwiritsidwapo kale ntchito, chifukwa mkati mwake zoyenda ndi zochepa.

Wogulitsa uja posachedwapa anandiuza kuti ndimubwezere yatsopanoyi, ndiwonjezere ndalama, andipatse yapamwamba. Mtengo umene anaiika yangayo sunafike ndi theka lomwe la umene anandigulitsira. Ndinakana, ndipo yapamwambayo ndikagula kwina.