Zida zoimbira: m'galaja kapena m'nyumba?

Kwaya yathu ya ku Mufakose, dera la mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, ili ndi kiyibodi, gitala, ampulifaya ndi masipika awiri, ndipo takhala tikukambirana kosungira zimenezi.

Galaja ya amalume ndi yotakasuka, koma ndi yamalata. Mu June ndi July, usiku kuno ku Harare kumazizira mpaka madigiri 7, masana malata n'kutentha. Gitala ndiye amavutika kwambiri, chifukwa thabwa lake limafota kukauma, khosi n'kupindika. Mvula ikayamba mu November, chinyezi chimakwera kuchokera pasimenti. Ndinaonapo sipika itamera nkhungu papepala lake, timabowo ta mawaya titachita dzimbiri. Zinandiwawa, poti tinachita kusonkherana. Makoswe nawo sasiya waya.

M'nyumba kutentha sikusintha mwadzidzidzi. Vuto ndi malo, komanso ana okonda kudinadina.

Ine ndikuti gitala, kiyibodi ndi ampulifaya zizigona m'nyumba. Masipika angakhale m'galaja, koma pathandala, kutali ndi khoma, atafunditsidwa nsalu, osati pulasitiki, imene imatsekera chinyezi mkati. Mukawatulutsa m'mawa wozizira, adikire ola limodzi musanawalumikize.