Stellarium: imapeza nyenyezi, koma kulandana kwake mudzionere nokha

Stellarium ndi pulogalamu yaulere yoonetsa thambo, yomwe Fabien Chéreau anaiyamba mu 2001. Pano tikunena ya pa kompyuta: mukaitsitsa kamodzi, basi, imagwira ntchito popanda intaneti. Funso n'lakuti, kodi ingathandize mphunzitsi wa ku Ulongwe kapena ku Furancungo kuonetsa ana nyenyezi zikuluzikulu zoyenda ziwiriziwiri, zija zimalandana mpweya? Si nkhani yaing'ono. Kafukufuku wa Hugues Sana ndi anzake wa 2012 anapeza kuti mwa nyenyezi 10 zolemera kwambiri, zoposa 7 zimasinthana mpweya ndi inzake kapena kuphatikana nayo zisanafe.

Ambiri amalakwitsa poyambira penipeni. Ikalephera kudziwa komwe muli, imakuikani ku Paris, ndiye mumangofunafuna kum'mwera nyenyezi yomwe ili kumpoto. Dinani F6, lembani madigiri 14.7 kum'mwera ndi 34.4 kum'mawa ngati muli ku Ulongwe. F5 ndi ya tsiku ndi nthawi, F3 ndi yofufuzira dzina. Chipwitikizi chilimo, Chichewa mulibe. Mukalemba Nsangwe sikuyankhani, lembani Pleiades. Yatsaninso kuwala kofiira, poti kuwala koyera kumapha maso ndipo amatenga mphindi 20 kuti azolowerenso mdima.

Yambani ndi Algol, kumpoto kwa Nsangwe, yomwe ili ndi nyenyezi inzake yozungulirana nayo. Siyolemera kwenikweni, koma ndiyo imaphunzitsa bwino. Masiku 2, maola 20 ndi mphindi 49 aliwonse, inzake yozizirirapo imadutsa kutsogolo, kuwala n'kutsika mpaka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo kutsika ndi kubwerera kumatenga maola 10. Chodabwitsa n'choti yozizirirapo ija, yomwenso ndi yopepuka, ndiyo yokalamba, chonsecho nyenyezi yolemera ndiyo imayenera kuyamba kutha. Yankho lake: ndiyo inali yolemera kale, itatupa mpweya wake unakhuthukira kwa inzake. Zonsezi Stellarium sikuonetsani. Pa sikirini ndi kadontho kamodzi ndi manambala pambali, ndipo apa ndiye pofooka pake. Muyenera kuyerekeza Algol ndi Mirfak, nyenyezi yowala yapafupi nayo, ndi maso anu, n'kulemba mu kope ola lililonse. Nthawi ya kutsika kwa kuwala ikalembedwa mu UTC, nthawi yoyendera dziko lonse, onjezerani maola 2. Mukaiwala mudzafika gule atatha.

Vuto lina ndi la nyengo yathu. Algol sikwera kupitirira zibakera zitatu ndi theka mutatambasula mkono, ndipo madzulo imakhala pabwino mu Disembala, mvula ili mkati. Mu Okutobala imafuna pakati pa usiku, pamene utsi wa lupsa wakuta m'munsi mwa thambo. Pulogalamuyi sidziwa utsi, sidziwanso fumbi la ku Moatize.

Kumene imakoma ndi mu Epulo, cha m'ma 8 koloko usiku, mutayang'ana kum'mwera. Fufuzani Gamma Velorum. M'kadontho kowalako muli nyenyezi ziwiri zozungulirana masiku 78.5, ina ya mtundu wa Wolf-Rayet, yomwe inataya chikopa chake chonse cha haidrojeni n'kutsala mtima wotentha. Mabainokyula a 10x50 otsamiritsa pa mpanda amaonetsa kanyenyezi pambali pake, koma musanamize ana kuti awiri aja ndi amenewo. Iwo ali pafupi kwambiri moti galasi silingawalekanitse.

Kenako tsatani Mlalang'amba chakum'mawa mpaka Eta Carinae, musanafike pa nyenyezi zinayi za mtanda. Nayonso ndi nyenyezi ziwiri zozungulirana zaka 5.5, kuwala kwake kumayenda zaka pafupifupi 7,500 kuti kufike kuno, ndipo mu 1843 inaphulika n'kuwala kuposa nyenyezi zonse za usiku kupatula Sirius. Lero ndi kadontho kofiirira m'kati mwa chifunga cha mpweya. Pamalo pothithikana chonchi, popanda Stellarium mukhoza kuloza yolakwika. Sankhani sabata yopanda mwezi, ndipo laputopu ichajidwe masana.