Disitiribyuta yatsopano ya MGB ndi yolimba, koma wogula ayenera kuyeza yekha vakyumu yake

Disitiribyuta (chipangizo chimene chimagawa moto ku mapulagi a injini pa nthawi yake) imene ndikuifotokoza ndi ya mtundu umene wafala pakati pa eni galimoto za MGB: ndi yatsopano, yopangidwa motengera maonekedwe a 25D4, disitiribyuta yakale ya kampani ya Lucas, koma m'kati mwake mulibe kondensa ndi mapointi (tizitsulo totseguka ndi kutseka kuti moto uyake). M'malo mwake muli kachipangizo ka magetsi kamene kamazindikira maginito ozungulira limodzi ndi shafuti. Ndinaiika pa injini ya 1798cc ya makabureta awiri a SU HS4, chifukwa yakale inali itatha mabushi, moti shafuti inkagwedera ndipo chizindikiro cha pa pule (gudumu lozunguza lamba kutsogolo kwa injini) chinkadumphadumpha ndikachiunika ndi tochi ya taimingi, yoonetsa nthawi imene moto ukuyaka. Chitsulo chake ndachikonda ndipo sindikudandaula kuti ndinachigula, koma sindinakhutire ndi mmene chimagulitsidwira, popeza wogulitsa amangonena kuti chimakwana pa MGB, osatchula manambala osonyeza nthawi imene chimayatsira moto.

Kuiika n'kosavuta. Muzungulitse injini kufikira pisitoni yoyamba itafika pamwamba pa nthawi yopanikiza mpweya, muone kumene rota yaloza, kenako mumasule chomangira ndi kuizula yakaleyo. Mano a kunsi kwa shafuti sali pakatikati penipeni, choncho yatsopanoyo imalowa mwa njira imodzi yokha. Mawaya a mapulagi amatsatana 1-3-4-2, mozungulira mosemphana ndi mivi ya wotchi. Chomangira chisamangidwe mopitirira muyeso chifukwa thupi la disitiribyuta limatha kusweka. Chofunika kuchisamala kwambiri ndi magetsi: MGB zoyambirira, kufikira mu 1967, zinkalumikiza mbali ya pozitivu ya batire ku thupi la galimoto, pamene kachipangizo ka m'kati kameneka kamafuna kuti ku thupi kupite negativu, ndipo mawaya ake awiri akasemphanitsidwa pa koyilo kamatha kupsa nthawi yomweyo. Kapepala ka m'bokosi kanafotokoza bwino mbali imeneyi.

Injini italira, kusintha kunaoneka pomwepo. Chizindikiro cha pa pule chinaima malo amodzi, injini inayamba kulira mosadodoma galimoto ili chiimire, ndipo ntchito yoyeza mpata wa mapointi wa inchi 0.015 inatha. Kamtedza kosinthira taimingi pang'onopang'ono, kamene 25D4 ili nako koma 45D4 yobwera pambuyo pake ilibe, anakasunga ndipo kamagwira ntchito, chinthu chimene ndinakondwera nacho.

Nkhani yaikulu ili pa kachitini ka vakyumu kamene kali m'mbali mwa disitiribyuta, ndipo kuti timvetse ntchito yake tiyenera kuyambira pa moto weniweniwo. Petulo wosakanizika ndi mpweya saphulika kamodzin'kamodzi. Amayaka mofalikira kuchokera pa pulagi, ndipo kuyakako kumatenga nthawi. Mphamvu yaikulu iyenera kufika pisitoni itangopitirira pamwamba pang'ono, choncho moto uyenera kuyatsidwa pisitoni isanafike pamwambapo. Injini ikamathamanga, pisitoni imayenda mtunda wautali m'kanthawi komweko, motero moto uyenera kufulumira kwambiri, ndipo ntchito imeneyi imagwiridwa ndi tizitsulo tiwiri tolemera tokhala ndi masipuling'i pansi pa mbale ya disitiribyuta, timene timatambasuka liwiro likamakwera. Koma tizitsuloti timangodziwa liwiro la injini, sitidziwa ngati dalaivala akukwera chitunda ataponda mafuta onse kapena akungoyenda pamseu wosalala phazi lili lopepuka. Phazi likakhala lopepuka, kachitseko ka mu kabureta kamakhala kotseguka pang'ono, mu silinda mumalowa msanganizo wochepa, ndipo msanganizo wotero umayaka pang'onopang'ono, ngati nkhuni zoyalidwa motalikirana. Pa nthawi imeneyo mu manifodi (paipi yopititsa msanganizo ku masilinda) mumakhala mphamvu yaikulu yokoka mpweya, imene ndi vakyumu, ndipo mphamvuyo imadutsa m'kapaipi n'kukoka dayafulamu ya m'kachitini, imene imatembenuza mbale ndi kufulumizitsa moto. Dalaivala akaponda mafuta onse, kukokako kumatha, mbale imabwerera, ndipo injini imatetezeka ku kugogoda kumene kumawononga mapisitoni. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi amene amachotsa kapaipi kameneka pa galimoto yoyenda pamseu poganiza kuti akuwonjezera mphamvu. Mafuta onse akapondedwa vakyumu siichita kanthu kale, choncho sapindula kanthu, pamene pa ulendo wa tsiku ndi tsiku amangotaya petulo ndi kutenthetsa injini.

A Lucas ankadinda manambala atatu pa kachitini kalikonse, mwachitsanzo 5-13-10. Tanthauzo lake ndi lakuti kachitini kamayamba kukoka vakyumu ikafika mainchi 5 a mekyule (muyezo wa mphamvu ya vakyumu), kamafika pa mapeto pa mainchi 13, ndipo kamawonjezera madigiri 10 a disitiribyuta, amene ndi madigiri 20 pa pule, popeza disitiribyuta imazungulira kamodzi injini ikazungulira kawiri. Pa chitsulo cha tizitsulo tolemera ankadindaponso nambala ya madigiri ake. Amisiri akalewo ankamuuza makaniko zonse zimene ankafuna kudziwa. Pa disitiribyuta yatsopanoyi kachitini n'kosalala, kopanda nambala, ndipo nditafunsa wogulitsa anangondibwerezera kuti imakwana pa MGB. Yankho limeneli ndi losakwanira, pakuti MGB inapangidwa ku Abingdon, ku England, kuyambira 1962 mpaka 1980, ndipo m'zaka zimenezo makabureta, kupanikiza kwa injini ndi malamulo a utsi, makamaka a ku America, zinasintha kangapo, ndipo madisitiribyuta ankasinthanso motsatira.

Kusiyana kumodzi kumene kumasokoneza anthu ambiri ndi kwa malo amene kapaipi kamatengera vakyumu. Pa galimoto zoyambirira kamachokera pa kabowo ka m'thupi la kabureta, pafupi ndi m'mphepete mwa kachitseko. Phazi likakhala kuti silinaponde konse, kabowoka kamakhala kunja kwa kachitseko ndipo sikakoka kanthu. Kamayamba kukoka kachitseko kakangotseguka. Pa zina zapambuyo pake kapaipi kamachokera pa manifodi penipeni, pamene kukoka kumakhala kwakukulu ngakhale galimoto itaima. Munthu akalumikiza kachitini kopangidwira kabowo ka pa kabureta ku manifodi, moto umafulumira kwambiri galimoto ili chiimire, injini imakwera liwiro, ndipo iye amayamba kupotokola zomangira za makabureta kufunafuna vuto limene kulibe. Kapepala ka m'bokosi sikanatchule n'komwe za kusiyana kumeneku, ndipo ndikuona kuti apa m'pamene opanga analephera kwambiri.

Choncho ndinaiyeza ndekha, ndipo aliyense wogula achite chimodzimodzi. Muchotse kapaipi ndi kutseka mbali yopita ku injini, muike taimingi, kenako mukweze liwiro pang'onopang'ono mukuwerenga madigiri ndi tochi kufikira chizindikiro chitaleka kusuntha. Pa injini zoterezi madigiri onse pamodzi a pa pule, osawerengera a vakyumu, amayenera kukhala pafupi ndi 32. Mukatero mulumikize kapampu ka m'manja kokhala ndi geji ku kachitini, muone pamene kayambira kukoka, pamene kalekera, ndiponso ngati kakusunga mphamvuyo osataya. Yanga inasunga bwino, koma kachitini kake kankayamba kukoka msanga kuposa kakale, moti pokwera chitunda chaching'ono phazi lili pakatikati ndinkamva kugogoda kwa pang'ono. Kubweza taimingi yonse m'mbuyo kukanathetsa phokosolo, koma kukanalanda injini mphamvu pamene mafuta onse apondedwa. Ndinasankha kupeza kachitini kena kokhala ndi manambala oyenera injini yanga, kanakwana bwino pa thupi latsopanolo, ndipo kugogodako kunatha.

Kwa munthu amene disitiribyuta yake yatheratu, amene ali ndi tochi ya taimingi ndi kapampu ka vakyumu, kapena makaniko wodziwa kuzigwiritsa ntchito, iyi ndi yoyenera kugula. Koma ngati Lucas yoyambirira idakalipo, nambala yake ikuwerengeka ndipo thupi lake silinasweke, ndingalangize kuti aitumize kwa katswiri wokonza madisitiribyuta aikemo mabushi ndi masipuling'i atsopano, chifukwa katswiri wotero amayeza ntchito yake pa makina ndipo mungathe kumupempha kuti akulembereni madigiri amene wapeza. Yakale yanga sindinaitaye. Ndaisunga m'galimoto pamodzi ndi mapointi atsopano, popeza kachipangizo ka magetsi kakafa panjira sikatheka kukakonza pomwepo.