Prado ya Injini ya 3RZ-FE Patatha Miyezi 17: Kumisa Kumene Kunabisala M'mavalavu

Papita miyezi 17 chigulireni Toyota Land Cruiser Prado ya chaka cha 1999, ya injini ya petulo ya 3RZ-FE, ya malita 2.7 ndi masilinda anayi. Nditangoigula mu Seputembala, itayenda kale makilomita 210,000, ndinkauza aliyense wondifunsa kuti ndapeza galimoto yosavuta, ndipo chimene ndinkatamanda kwambiri chinali kulira kwake kwa phee, kopanda kugogoda kulikonse pansi pa boneti. Lero ndikubwerera ku mawu amenewo chifukwa pa miyezi 17 imeneyi isanu inathera pa vuto limodzi lokha, ndipo kulira kwa phee kumene ndinkanyadira kuja kunali mbali ya vutolo.

Galimotoyi ndimayendera kuchokera ku Lilongwe kupita kumunda wathu ku Ntchisi, kumene phula limathera kutali ndi mudzi, ndipo nthawi zina ndimalowa nayo msewu wa ku Dzalanyama. M'chilimwe imameza fumbi, m'dzinja imasambira m'matope ndi kuwoloka timitsinje topanda milatho. Vuto linayamba mu Januwale, tsiku limene ndinawoloka khwawa lodzaza madzi ofika pafupi ndi zitseko. Nditatulukira tsidya lina, injini inayamba kunjenjemera, chiwongolero ndi ndodo ya giya zikugwedezeka, ndipo ku paipi ya ekizozi kunkamveka kulira kodukizadukiza. Amakaniko amati injini yotere ikumisa, kutanthauza kuti silinda imodzi kapena zingapo sizikuwotcha mafuta pa nthawi yake, kapena sizikuwotcha n'komwe. Popeza zinachitika nditangochoka m'madzi, ine ndi onse amene ndinawafotokozera tinakhulupirira kuti madzi ndiwo alakwa, ndipo chikhulupiriro chimenecho chinatitseka m'maso kwa miyezi yambiri.

Kuti silinda iwotche bwino pamafunika zinthu zitatu: moto wa pulagi, mafuta osakanikirana bwino ndi mpweya, ndi kupanikizika kokwanira kwa mpweyawo pisitoni ikakwera, kumene amakaniko amakutcha kompureshoni. Zonsezi ndinkazidziwa kale, komabe ndalama zanga zonse zoyamba zinapita ku ziwiri zoyambazo, chifukwa ndizo zili ndi zipangizo zimene munthu amatha kugula m'sitolo n'kumangirira tsiku lomwelo.

Tinayamba ndi mapulagi. Titawamasula, atatu anali ofiirira bwino, koma ya silinda yachitatu inali yakuda ndi mwaye ndiponso yonunkha petulo. Tinaika anayi atsopano, injini inakhazikika, ndipo ndinabwerera kunyumba ndili wokondwa. Patangotha sabata imodzi kunjenjemera kunabwerera. Usiku wina ndinatsegula boneti mumdima injini ikulira, ndipo ndinaona timoto tabuluu tikudumpha kuchokera pa waya wa pulagi kupita ku chitsulo cha injini. Mawayawo anali okalamba ndi ong'aluka, moti akanyowa moto unkathawira panjira usanafike ku pulagi. Limeneli linali vuto lenileni, ndipo nditasintha mawaya galimoto inasiya kuvutika ikanyowa. Apa ndi pamene nkhani yanga inasokonekera, chifukwa mavuto anali awiri ogundana pa nthawi imodzi: la mawaya, limene madzi a m'khwawa anaulula, ndi lina lakuya limene linali likukula mwakachetechete kuyambira ndisanaigule. Kukonzeka kwa loyambalo kunandilimbitsa mtima kuti ndili pa njira yolondola ya magetsi, pamene lachiwirilo silinali la magetsi n'komwe.

Kumisa kumene kunatsala kunali ndi khalidwe lake. Kunkakula m'mamawa injini ikangoyaka kumene, ndiponso galimoto ikaima pa maloboti injini ikulira pang'onopang'ono, koma ndikakhala pa msewu wa M1 ndikuthamanga makilomita 90 pa ola kunkachita ngati kwatheratu. Pa chitunda cha matope, pamene munthu amafuna mphamvu yokhazikika pa giya yotsika, galimoto inkachita mphwayi ndipo kawiri konse inazima ndili pakati pa mtunda ndi matumba a feteleza kumbuyo. Petulo amene kale ankandiyendetsa makilomita pafupifupi 8 pa lita anayamba kuthera pa 6.

Mu Febuluwale ndi Malichi ndinagula koilo (kachipangizo kopereka moto ku mapulagi), ndinasintha fyuluta ya petulo, ndinatsukitsa mainjekita (tizipangizo tothira petulo mu injini), ndipo tinatsitsa ngakhale thanki. Kukayikira petulo sikunali kopanda maziko. Mafuta akasowa pa mapampu, ambiri a ife oyenda kumidzi timagula wa m'zigubu, ndipo popeza petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol, amene amakoka madzi, chigubu chosasamalidwa chimatha kubweretsa madzi ndi zinyalala m'thanki. Koma ndikanaganiza mofatsa ndikanaona kuti petulo woipa amavutitsa masilinda onse mosasankha, pamene pulagi imene inkada mobwerezabwereza inali imodzi yomweyo. Za koilo nazonso zinali chimodzimodzi. Injini yanga ili ndi makoilo awiri, imodzi yopereka moto ku silinda yoyamba ndi yachinayi, ina ku yachiwiri ndi yachitatu. Kungosinthanitsa makoilo awiriwo n'kuona ngati kumisa kwasamukira ku silinda ina kukanatiyankha pa mphindi khumi popanda kulipira kanthu. M'malo mwake ndinagula koilo imene inadzapezeka kuti ndi yofooka kuposa yakale ija, ndipo lero yakaleyo ndi imene ili pa galimoto.

Ndinapitanso nayo ku makina a kompyuta. Pa magalimoto atsopano makinawa amathandiza, chifukwa amaonetsa nambala monga P0303, imene imaloza kuti ikumisa ndi silinda yachitatu, kapena P0300 ngati kumisako kukudumphadumpha. Pa yangayi sanaonetse kanthu, ndipo mnyamata wa pa makinawo anandiuza kuti galimoto ilibe vuto, injini ikunjenjemera pamaso pake. Ngakhale nambala ija ikanatuluka, ikanangotchula silinda yodwala osati chimene chikuidwalitsa.

Amene anatulukira vutoli anali bambo wina wachikulire amene galaja yake ndi ya pansi pa mtengo, ndipo mu Meyi nditawafotokozera zonse zimene ndinasintha, anandipempha kuti tsiku limenelo ndisagule kanthu kalikonse. Anayatsa injini n'kuyamba kuzula waya wa injekita imodzi imodzi. Akazula ya silinda yoyamba, yachiwiri kapena yachinayi, injini inkagwa mphamvu n'kutsala pang'ono kuzima, koma atazula ya silinda yachitatu sipanasinthe kanthu kwenikweni, umboni wakuti silindayo inali itangotsala pang'ono kusiyiratu ntchito. Anasamutsira pulagi ndi waya wake ku silinda ina, kenaka injekita, koma vuto linakhalabe pa silinda yachitatu. Anatenga kapepala n'kukagwirizira kukamwa kwa paipi ya ekizozi, ndipo m'malo mongouluzidwa kunja, kapepalako kankayamwidwa kubwerera ku paipi pakanthawi ndi pakanthawi. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Bambo, moto ulipo ndipo mafuta akufika, koma nyumbayi chitseko chake sichikutsekeka."

Kenaka anabweretsa geji ya kompureshoni. Buku la Toyota la injini imeneyi limati kompureshoni yabwino ndi 178 psi (psi ndi muyezo wa kupanikizika kwa mpweya), yotsikitsitsa yololedwa ndi 127 psi, ndipo kusiyana pakati pa masilinda kusapitirire 14 psi. Masilinda atatu anaonetsa pakati pa 160 ndi 170, koma yachitatu inaima pa 105. Anathira oilo wokwana supuni imodzi pa bowo la pulagi n'kuyezanso. Mphete za pisitoni zikakhala zotha, oiloyo amatseka mipata kwa kanthawi ndipo geji imakwera, koma apa singano inabwerera pamalo omwewo, kusonyeza kuti mpweya sukuthawira pansi koma pamwamba. M'rediyeta munalibe thovu ndipo madzi sankachepa, choncho gasiketi, imene imamata pakati pa hedi (mutu wa injini) ndi thunthu la injini, inachoka pa mndandanda wa zokayikiridwa. Zimenezi zinafotokozanso chifukwa chake galimoto inkaoneka yabwino ikamathamanga: injini ikamazungulira mofulumira mpweya umasowa nthawi yothawira pa kampata kakang'ono, koma ikamalira pang'onopang'ono umapeza nthawi yokwanira. Zinafotokozanso chifukwa chake mapulagi atsopano ankandinyenga kwa sabata imodzi, popeza pulagi yoyera imatha kuyatsa ngakhale mpweya wosapanikizika bwino mpaka itadzadanso ndi mwaye.

M'mawa mwake injini itazizira tinatsegula chivundikiro cha pamwamba kuti tiyeze mipata ya mavalavu, tizitseko tolowetsa mpweya ndi kutulutsa utsi m'silinda. Apa ndiyenera kufotokoza mofatsa, chifukwa ndi pamene eni injini imeneyi ambiri amagwera. Injini ya 3RZ-FE ili ndi mavalavu 16, ndipo mipata yake sidzikonza yokha ndi oilo monga zilili pa injini ya 2TR-FE imene inadzalowa m'malo mwake. Pakati pa camshaft (chitsulo chozungulira chimene chimakankha mavalavu kuti atseguke) ndi valavu iliyonse pali kachitsulo kozungulira ngati ndalama kotchedwa shimu, ndipo mpata wa pakati pa shimu ndi camshaft umakonzedwa posintha shimuyo ndi ina yochindikala mosiyana. Injini ikazizira, mpata wa mavalavu olowetsa mpweya uyenera kukhala pakati pa mamilimita 0.15 ndi 0.25, ndipo wa mavalavu otulutsa utsi pakati pa 0.25 ndi 0.35. Zaka zikamapita, valavu yotulutsa utsi imamira pang'onopang'ono m'mpando wake, tsinde lake limakwera, ndipo mpata umachepa. Ukatheratu, valavu imalephera kukhala pansi mokwanira. Valavu imeneyi imazizira makamaka pokhudzana ndi mpando wake, choncho ikasiya kukhala bwino imatentha mopitirira, moto umadutsa m'mphepete mwake, ndipo m'mphepetemo mumapsa n'kubenthuka. Choopsa chake n'chakuti mpata ukakula injini imagogoda n'kuchenjeza mwini wake, koma ukachepa injini imalira mwaulemu kuposa kale.

Pa valavu imodzi ya silinda yachitatu, ngakhale kalupanga kopyapyala koyezera mipata (feeler gauge) ka mamilimita 0.05 sikanalowe. Mavalavu ena asanu otulutsa utsi anali pakati pa 0.12 ndi 0.18, onse pansi pa muyezo, kutanthauza kuti nawonso anali pa ulendo womwewo. Titatsitsa hedi mu Juni tinapeza valavu ija itadyeka m'mphepete ngati chikhadabo chothyoka. Ndikanayezetsa mipatayi mu Seputembala nditangoigula, n'kutheka kuti kusintha mashimu kokha kukanaipulumutsa.

Ntchito imene inagwiridwa inali yosintha mavalavu onse asanu ndi atatu otulutsa utsi, kusema mipando yake ku malo a makina, kuika timphira tatsopano ta pa matsinde a mavalavu, kuyeza ngati hedi sinapindike, ndi kumanga ndi gasiketi yatsopano. Chimene chinatichedwetsa sabata yathunthu chinali kupeza mashimu. Amabwera mosiyana ndi mamilimita 0.05, ndipo m'masitolo amene ndinayendamo sindinapeze saizi zonse, moti ena tinawatola pa mahedi a injini zophwasulidwa n'kumawayeza mmodzi mmodzi ndi micrometer. Wina anatiuza kuti tingopala mashimu akale pa mwala kuti apyapyale, koma bambo aja anakana, ndipo ndikugwirizana nawo, chifukwa shimu yopalidwa ndi manja sikhala yosalala mofanana ndipo camshaft ndi imene imadzavulala. Mtengo wa ntchito yonseyi sunasiyane kwambiri ndi ndalama zimene ndinali nditamwaza kale pa zipangizo zosafunika ndi petulo wongotayika. Ndili ndi nkhawanso ndi catalytic converter, chipangizo cha mu ekizozi choyeretsa utsi, chifukwa petulo wosapsa amene ankatsikira mu ekizozi kwa miyezi isanu amaitenthetsa ndi kuiwononga, ngakhale mpaka pano mphamvu ya galimoto sikusonyeza kuti inatsekeka.

Chikonzereni ndayenda makilomita oposa 11,000 pa miyezi isanu ndi itatu, kuphatikizapo dzinja lino lonse kufikira pano. Kumisa sikunabwererenso. Petulo wabwerera pa makilomita 8 pa lita pa phula, ndipo amatsika ndikalowa m'matope monga zimayembekezeka pa galimoto yolemera chonchi yokokedwa ndi masilinda anayi. Mu Disembala tinatsegulanso chivundikiro, ndipo mipata yonse inali mkati mwa muyezo kupatula umodzi umene unali pa malire a pansi, umene tinausinthira shimu pomwepo. M'mamawa injini imamveka kagogodo kakang'ono kamene kale kunalibe, ndipo alendo ena okwera nane amandifunsa ngati zili bwino.

Za galimoto yeniyeniyo maganizo anga sanasinthe kwambiri. Si yothamanga, imamwa mafuta ambiri poyerekeza ndi ya dizilo, ndipo pa chitunda cha ku Dowa itanyamula katundu imafuna kutsitsa giya msanga. Koma ili ndi tcheni m'malo mwa lamba wa timing, zipangizo zake zambiri zimapezeka, ndipo inandiyendetsa miyezi isanu pa masilinda atatu ndi theka osandisiya kuthengo. Ndikanati ndigulenso ina ya injini yomweyi, ndikanapita ndi geji ya kompureshoni kwa wogulitsayo, ndipo sabata yoyamba ndikanatsegulitsa chivundikiro cha mavalavu ndisanagule ngakhale matayala. Yangayi ndaikonzera kuti mipata iyezedwenso ikakwana makilomita ena 20,000, ndipo manambala a mashimu onse 16 ndinawalemba m'kabuku kamene kamakhala m'galimotomo.